Kamchira ka Mneni wa Chingerezi: Phunziro Losayenera Kunyozedwa ku Kande

Pakati pa zinthu zimene zimagwetsa ana a sukulu pa mayeso a Chingerezi, ndi kuchititsa manyazi anthu akuluakulu pamaso pa alendo, pali kanthu kamodzi kamene ambiri sakaganizira n'komwe chifukwa cha kuchepa kwake. Kanthuko ndi timau tating'onoting'ono monga "up", "off", "out", "on", "in", "down", "over" ndi "back", timene Mngerezi amatiyendetsa motsatana ndi mneni. Mwana wa Sitandade 4 amatidziwa kale timauti, ndipo mphunzitsi akatilemba pa bolodi palibe amene amakweza dzanja kuti afunse tanthauzo lake. Komatu timau tomweti tikangophatikana ndi mneni, tanthauzo limatembenuka kotheratu. "Give" ndi kupatsa, "up" ndi m'mwamba, koma "give up" ndi kugonja kapena kuleka chinthu. "Put" ndi kuika, "out" ndi kunja, koma "put out the fire" ndi kuzimitsa moto. Akatswiri a galamala amawatcha aneni otere kuti "phrasal verbs". Pa tsamba lino atchedwa aneni a kamchira, pakuti kamau kotsatirako kamaongolera mneni monga momwe mchira umaongolera nsomba m'madzi.

Nkhaniyi ikhudza dziko lonse, koma ku Kande kulemera kwake kumaonekera poyera. Kande ali m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, kumwera kwa Chintheche m'boma la Nkhata Bay, pa msewu wa M5 umene uchokera ku Salima nudzera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa. Kwa zaka zambiri gombe la Kande lakhala malo opumulirapo alendo oyenda pa malole akuluakulu pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Achinyamata ambiri a m'midzi yozungulira amapeza ndalama posema ndi kugulitsa ziboliboli, poperekeza alendo kukaona mudzi, powapalasira bwato kupita ku kachilumba ka Kande, ndiponso pogwira ntchito yophika, ya ulonda ndi yoperekera zakudya m'malo ogona alendo. Onsewa khasu lawo ndi Chingerezi cha pakamwa, ndipo Chingerezi cha pakamwa n'chodzaza ndi aneni a kamchira.

Zitsanzo zake sizifuna kufunafuna. Mlendo akati "We have put off the trip" atanthauza kuti ulendo wasunthidwira tsiku lina, koma akati "We have called off the trip" ndiye kuti ulendowo wafera m'mazira. Mnyamata wa bwato amene sasiyanitsa ziganizo ziwirizi adzadikira pa gombe m'mawa wonse anthu amene anakwera kale lole yawo, kapena adzapita kukasodza pa tsiku lomwe alendo afuna kuoloka, ndalama n'kugwera mnzake. Mwera ukakalipa pa nyanja, munthu wofuula kuti "Look out!" sakuuza mnzake kuti asuzumire kunja, akumuchenjeza kuti ngozi yafika. Choopsa koposa ndi kusiyana kwa "pass out", kumene kuli kukomoka, ndi "pass away", kumene kuli kumwalira. Mthenga wosokoneza timau tiwiriti pochokera ku chipatala angathe kuliritsa mudzi wonse maliro a munthu wamoyo. Ngakhale amene sakumana ndi alendo sangathawe, pakuti foni ya m'manja imalamula mwini wake kuti achite "top up", "log in" ndi "cash out", ndipo fomu yofunsira ntchito imayamba ndi mau akuti "fill in".

KUMENE VUTOLI LINACHOKERA

Anthu a m'dera lino sali alendo pa Chingerezi. M'chaka cha 1881 Mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamuka ku Cape Maclear kudzakhazikika ku Bandawe, pakati pa Chintheche ndi Kande, ndipo likulu lake linakhala pomwepo kufikira pamene linasamukira ku Khondowe mu 1894. Atonga anaithamangira sukulu ndi mtima wonse, kotero kuti m'zaka zotsatira ambiri a iwo anapezeka ali akalaliki, otanthauzira ndi akapitawo m'dziko muno, ku Harare, ku migodi ya kopa ndi ku Joni. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, nagwedeza South Africa yense ndi malankhulidwe ake a m'Chingerezi. Mbiri imeneyi ndi yonyaditsa, ndipo ndiyo chifukwa chake makolo a ku Nkhata Bay mpaka lero amasangalala akamva mwana wawo akuthyola Chingerezi.

Koma mbiri yomweyi inasiyanso chizolowezi chimene chafika povulaza ana. Chingerezi chinalowa m'dziko muno kudzera m'buku, pa guwa ndi m'kalata za Boma, motero anthu anazolowera kuyesa kuphunzira kwa munthu ndi kutalika kwa mau ake. Wonena kuti "extinguish" amaoneka wophunzira kuposa wonena kuti "put out", ndipo wolemba kuti "postpone" amaomberedwa m'manja kuposa wolemba kuti "put off". Chiyambi cha mau awiriawiri oterewa chili m'mbiri ya England. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa dzikolo, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinali chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'mabwalo a milandu, pamene Chilatini chinali cha mpingo ndi cha anthu a mabuku. Anthu wamba anapitiriza kulankhula mau awo afupiafupi, monga "go", "come", "take", "put" ndi "get", nawachulukitsa matanthauzo powaonjezera timichira. Chotero Chingerezi chili ndi nkhokwe ziwiri, ndipo mwana amene wapatsidwa kiyi wa nkhokwe imodzi yokha wapatsidwa theka la chinenerocho.

Eni ake anazindikira kale kuti apa ndi pamene mlendo amapunthwa. Samuel Johnson, m'mau oyamba a dikishonale yake ya 1755, anachenjeza kuti aneni ophatikana ndi timau totere ndiwo amasautsa kwambiri anthu a maiko ena. Dzina lakuti "phrasal verb" linafala kudzera m'buku la Logan Pearsall Smith la 1925. Mu 1985 Menachem Dagut ndi Batia Laufer anapeza kuti ophunzira olankhula Chihebri ku Israel ankawalambalala aneni a kamchira, n'kumasankha mneni wa liwu limodzi pamene mwini chinenero akanasankha wa kamchira. Ndiye kuti vutoli si la ana a ku Kande okha, ndipo silichokera m'kufooka kwa mutu. Ndi chizolowezi cha munthu aliyense kulambalala njira imene sanasonyezedwe.

MALAMULO AKE NGOCHEPA

Chimene chiyenera kulimbitsa mtima aphunzitsi ndi chakuti kayendetsedwe ka aneniwa m'chiganizo kali ndi malamulo ochepa, otheka kuwalongosola m'maphunziro awiri kapena atatu. Loyamba ndi lakuti chimene chimasintha ndi nthawi ndi mneni yekha, kamchira sikasintha. Amati "The lorry sets off at six", "The lorry set off yesterday", "The lorry is setting off now", ndipo "off" ali chikhalire m'ziganizo zonsezi. Aneni ena a mtunduwu safuna pamtherankhani, amaima okha, monga "The engine broke down", injini yawonongeka, "The wind died down", mphepo yaleka, ndi "The canoe turned over", bwato lagudubuzika.

Lamulo lachiwiri likhudza aneni okhala ndi pamtherankhani. Ambiri a iwo amalola kuti kamchira kaime pafupi ndi mneni kapena kalumphe dzina n'kukaima kumapeto. "Pull in the net" ndi "Pull the net in" zonse n'zolondola, ndipo zonse zitanthauza kukoka ukonde. Chimodzimodzinso "Switch off the lamp" ndi "Switch the lamp off". Koma dzinalo likalowedwa m'malo ndi mlowam'malo monga "it", "him", "her" kapena "them", ufulu umenewu umatha, ndipo mlowam'maloyo ayenera kukhala pakati. Amati "Pull it in", "Switch it off", "Pick them up". Kunena kuti "Switch off it" ndi kulakwa kumene khutu la Mngerezi limakumva msanga. Pamtherankhani akakhala wamtali, kamchira kamakhala pafupi ndi mneni kuti womvera asakaiwale, monga mu "Put away the nets that were mended last night".

Lamulo lachitatu ndi losiyanitsa kamchira keniweni ndi mperekezi. Pali aneni amene amatsatana ndi mperekezi wosalekanitsika nawo, monga "look after", kusamalira, "look for", kufunafuna, ndi "come across", kupeza chinthu mosayembekezera. Apa mlowam'malo sakhala pakati. Amati "Look after her", ndipo "Look her after" palibe. Njira yoyesera ndi yapafupi: mwana ayese kusuntha kamauko kupita kumapeto. "She turned down the offer" angathe kusanduka "She turned the offer down", anakana zimene anamulonjeza, koma "She turned down the path", anakhotera ku kanjira, sangasinthidwe motero. Khutu nalonso limathandiza, pakuti kamchira keniweni kamatchulidwa mwamphamvu pamene mperekezi kawirikawiri amangopitiriridwa. Otsiriza ndi aneni a mau atatu, amene ayenera kugwiridwa monga mtolo umodzi: "run out of petrol", petulo kutha, "put up with noise", kupirira phokoso, "catch up with the class", kuwapeza anzako pa maphunziro, ndi "look forward to seeing you", pamene mneni wotsatira "to" amathera ndi "ing".

Timichirato natonso sitiyenda mwachisawawa monga ambiri aganizira. "Up" kawirikawiri asonyeza kutheratu kwa ntchito, monga mu "eat up", "use up", "dry up" ndi "fill up". "On" asonyeza kupitirira, monga mu "go on" ndi "carry on". "Off" asonyeza kulekana kapena kuchoka, monga mu "cut off", "take off" ndi "set off". "Down" asonyeza kutsika kapena kuchepa, monga mu "slow down" ndi "cut down on salt", malangizo amene odwala matenda a kuthamanga kwa magazi amawamva ku chipatala. "Out" asonyeza kutuluka, kuzima kapena kuonekera poyera, monga mu "go out", "blow out" ndi "find out". Matanthauzo amenewa sakwanira pa mneni aliyense, koma mwana amene wawagwira angathe kulota tanthauzo la mneni wachilendo mosaphonya kwambiri.

MLATHO ULI M'CHINENERO CHA MWANA

Chodabwitsa ndi chakuti mwana wa m'dziko muno amafika m'kalasi atanyamula kale nzeru yofunika pa phunziroli, koma palibe womuuza. Chichewa, monganso Chitonga ndi Chitumbuka, chimachulukitsa matanthauzo a mneni mmodzi pomuonjezera timaphatikizo kumapeto. Kuchokera ku "ona" kumabadwa onera, onetsa, oneka, onana, onerera ndi onetsetsa, ndipo palibe mwana wa Fomu 1 amene amasokoneza kuonetsa ndi kuoneka. Zimene Chichewa chimachita ndi msintho wa mneni, Chingerezi chimazichita ndi kamchira: kuchokera ku "look" kumabadwa "look up", "look out", "look into" ndi "look down on". Kusiyana kwake ndi kwakuti m'Chichewa kaphatikizoko kamalembedwa pamodzi ndi mneni, pamene m'Chingerezi kamaima pakokha.

Kufananaku kumapitirira. Mwana amadziwa kusiyana kwa chokapo, chokako ndi chokamo, kwa kwerapo ndi tsikapo, kwa lowamo ndi tulukamo. Timaphatikizo ta po, ko ndi mo tigwira ntchito yofanana ndi ya timau ta mu "get on", "get off", "get in" ndi "get out". Amadziwanso kuti kuvala kutsutsana ndi kuvula, kuzika ndi kuzula, kuyala ndi kuyalula, monga momwe "put on" atsutsana ndi "take off". Amamva kusiyana kwa idya ndi idyeratu, kumene kuli kusiyana kwa "eat" ndi "eat up". Ngakhale lamulo lovuta lija la mlowam'malo lili ndi mnzake m'Chichewa: munthu amati chotsapo mbale, koma dzina la mbale likachoka amati ichotsepo, kaphatikizo koimira mbale kakukangamira mneni pamene po watsalira kumapeto. Ndi momwemonso "Take off the lid" amasandukira "Take it off".

Za matanthauzo obisika nazonso si zachilendo kwa mwana wa kuno. Amadziwa kuti wotaya mtima sanaponye kanthu pansi, kuti wogwira mwendo akupepesa, kuti wotsina mnzake khutu akumuululira chinsinsi, ndi kuti wotsamira mkono sadzadzukanso. Mau otere saphunziridwa powaduladula, amamezedwa athunthu. Mphunzitsi akanena kuti "tip off" ndi kutsina khutu, ndipo "pass away" ndi kutsamira mkono, mwana amagwira pomwepo tanthauzo pamodzi ndi ulemu kapena kupepuka kwa mauwo. N'chifukwa chake chizolowezi cha m'sukulu zina cholanga mwana aliyense wotchula liwu la chinenero chake pa phunziro la Chingerezi chiyenera kuganiziridwanso. Kuyerekeza zinenero mwadongosolo, kwa mphindi zochepa, kumafupikitsa ulendo, ndipo sikufanana ndi kuphunzitsa phunziro lonse m'Chichewa.

ZONENA ZA OTSUTSA

Alipo amene amati aneniwa ndi ochuluka ngati mchenga wa pa gombe, kotero kuti kuwaphunzitsa ndi kutaya nthawi. N'zoona kuti alipo zikwi, ndipo pali madikishonale athunthu a iwo okha, monga la A. P. Cowie ndi Ronald Mackin la 1975 ndi la Rosemary Courtney la 1983. Koma amene amagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Mu 2007 Dee Gardner ndi Mark Davies anawerenga aneni a kamchira m'nkhokwe ya British National Corpus, imene ili ndi mau pafupifupi 100 miliyoni. Anapeza kuti aneni 20 okha, monga "go", "come", "take", "get", "set", "carry", "turn" ndi "bring", pophatikana ndi timichira 8, anakwanira kupitirira theka la malo onse amene aneni a kamchira anapezekamo, ndi kuti aneni a kamchira 25 okha anakwanira pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Mu 2015 Mélodie Garnier ndi Norbert Schmitt anasindikiza mndandanda wa aneni 150 ofala koposa pamodzi ndi matanthauzo awo ofunika. Mwana wophunzira mneni mmodzi pa tsiku lililonse la sukulu angathe kuwamaliza onsewa chaka chimodzi chisanathe. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ena amati aneni a kamchira ndi Chingerezi cha mumsewu, chosayenera m'chimangirizo cha mayeso. Apa pali choona pang'ono, pakuti alipo ena opepuka amene sayenera kulowa m'kalata yofunsira ntchito, ndipo ndi udindo wa mphunzitsi kuwasonyeza. Koma "carry out", "point out", "set up", "take over" ndi "bring about" amapezeka m'malipoti a Boma, m'zigamulo za makhothi, m'nyuzi ndi m'zokamba za ku Nyumba ya Malamulo. Wolemba waluso amadziwa nkhokwe zonse ziwiri, nasankha liwu loyenera malo ake. Mwana wolemba kuti "extinguish the lamp" pofotokoza za mayi ake akuzimitsa nyali usiku wavala suti popita kukasodza usipa.

Enanso amafunsa kuti n'chifukwa chiyani Mmalawi ayenera kulankhula monga munthu wa ku London. Funsoli ndi lolemera. M'dziko muno, monganso ku Zambia ndi ku Kenya, ambiri amasiya kamchira pamene eni ake amakaika, n'kukaika pamene eni ake sakafuna. Kumveka kuti "I will pick you at the stage" m'malo mwa "pick you up", kuti "cope up with" m'malo mwa "cope with", ndi kuti "She is putting on a red dress" pofuna kunena za munthu amene wavala kale. Pa msika ndi m'minibasi anthu amamvana, ndipo palibe chifukwa chowanyozera. Angerezi ndi Amereka nawo amasiyana, awa akati "fill in the form" awo amakonda "fill out the form". Koma wochonga mayeso amatsata Chingerezi cha m'mabuku, ndipo bwana wa ku Johannesburg kapena mlendo wa ku Kande amamva monga anazolowerera. Mwana ali ndi ufulu wodziwa njira zonse ziwiri kuti asankhe yekha. Kumubisira imodzi m'dzina la kunyadira dziko ndi kumutsekera khomo limene ana a anthu olemera, ophunzira m'sukulu zolipira, amalowapo tsiku ndi tsiku.

Ndipo khomolo ndi lalikulu. Chiyambire 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, Chingerezi chakhalabe chinenero cha ntchito za Boma. Lamulo la maphunziro la 2013 linachiika kukhala chinenero chophunzitsira m'sukulu. Satifiketi ya MSCE, imene bungwe la MANEB limapereka, siituluka kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Malamulo a dziko amafunanso kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo akhale wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Mwana wa ku Kande amayamba ndi Chitonga kunyumba, nakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi ku sukulu, kotero kuti katundu wake ndi wolemera kale. Kumusiya kuti adzitolere yekha aneni a kamchira ndi kumuonjezera mwala pa mtolo.

ZOYENERA KUCHITIKA

Choyamba chili m'manja mwa aphunzitsi. Mchitidwe wolemba mndandanda wa aneni makumi atatu pa bolodi sabata yotsatana ndi mayeso, kuti ana aloweze monga nyimbo, uyenera kutha. Mndandanda wotere umasokoneza, makamaka ukaunjika pamodzi aneni ofanana monga "put on", "put off", "put out" ndi "put up". Mneni aliyense adze ndi chiganizo chake, ndipo chiganizocho chichokere m'moyo umene mwana akuudziwa. Asodzi amachita "set off" madzulo, "pull in" maukonde ndi "come back" m'bandakucha. Mayi amachita "dig up" chinangwa, nachiviika, nachita "spread out" pa thandala kuti chiume chisanasanduke kondowole. Minibasi imachita "pull over", "drop off" ndi "pick up" pa siteji ya Kande. Mphindi zisanu pa tsiku, kuyambira m'makalasi a pamwamba a pulayimale mpaka Fomu 4, zidzachita zimene sabata imodzi ya chipwirikiti singachite. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri chikhudza mabuku. Dikishonale ya ophunzira, monga ija anaiyambitsa A. S. Hornby mu 1948 imene lero itchedwa Oxford Advanced Learner's Dictionary, imaika aneni a kamchira kumapeto kwa matanthauzo a mneni, ndipo imasonyeza ngati kamchira kangathe kusuntha. Ana ambiri amatseka buku asanafike pamenepo chifukwa palibe anawalozera. Makomiti a sukulu ndi makolo, pogawa ndalama zochepa zimene ali nazo, aganizire zogula dikishonale imodzi pa kalasi iliyonse, ndipo ikhale pa tebulo m'kalasi, osati yokhomeredwa m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. A Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza silabasi ndi mabuku, pamodzi ndi makoleji ophunzitsa aphunzitsi, angathandize kwambiri pokonza mndandanda waufupi wa aneni ofala, wogawidwa malinga ndi makalasi, wokhala ndi zitsanzo zoyerekeza ndi zinenero za m'dziko muno.

Chachitatu ndi cha anthu a ku Kande eni ake. Dera lino lili ndi mwayi umene madera ambiri a kumudzi alibe, wakuti olankhula Chingerezi chobadwa nacho amafika okha pakhomo. Eni malo ogona alendo adzapindula iwo eni akapatula ola limodzi pa sabata lophunzitsa antchito awo mau a pa ntchito, monga "check in", "check out", "clear away", "wash up" ndi "lock up". Achinyamata ogulitsa ziboliboli, amene ambiri a iwo anatola Chingerezi chosalala pa gombe, angathe kuthandiza abale awo a ku sukulu amene adziwa galamala koma lilime n'lolemera, ndipo a ku sukulu nawo awathandize kalembedwe. Wophunzira aliyense akhale ndi kabuku kolembamo aneni amene wawamva pa wailesi kapena kuwaona m'nyuzi, chiganizo chonse osati mneni yekha, ndipo asachite manyazi kufunsa pamene sanamve, popeza safunsa anadya phula.

Makolo a m'dera lino anayenda mitunda italiitali pansi kukafuna maphunziro ku Bandawe ndi ku Khondowe, ndipo Chingerezi chimene anachipeza chinawatsegulira ntchito m'maiko ambiri. Zidzukulu zawo zili ndi sukulu pafupi, koma chiwerengero cha ofuna ntchito chakula, ndipo wolemba ntchito amasankha amene amamva msanga zimene wauzidwa. Aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi akuluakulu a maphunziro m'boma la Nkhata Bay achitepo kanthu teremu ino isanathe, kuti mwana wa ku Kande akamva "carry on" apitirize, akamva "hold on" adikire, ndipo akamva "hand in" apereke pepala lake pa nthawi yake. Gawo lotsatira pa tsamba lino lidzalongosola za aperekezi "in", "on" ndi "at", ndi momwe ayerekezedwera ndi mu, pa ndi ku a m'Chichewa.